Kuwala koguba ngati asilikali: mmene laser imagwirira ntchito

Amene mumatsata mpira mukukumbukira za pa 29 March 2022 ku Diamniadio kufupi ndi Dakar, Senegal ikulimbana ndi Egypt kuti ndani apite ku World Cup ya ku Qatar. Gemu yafika pa mapenate, Mohamed Salah wayika mpira pansi, nkhope yonse ili waliwali ndi timadontho ta girini tochokera kwa masapota, nde anaumenya mpira uja m'mwamba kudutsa goli. Senegal inapita ku Qatar, kenako FIFA inalipiritsa bungwe la mpira la dzikolo ma franc a ku Switzerland 175,000 komanso gemu imodzi yopanda oonerera chifukwa cha ma laser aja ndi zina zomwe zinachitika tsikulo. Zoti ma laser ndi amene anamuphonyetsa kapena ayi tiwasiyire okonda makani, ine funso langa lili pena: kachinthu kongofanana ndi bolopeni, kodalira timabatire tiwiri, kamatha bwanji kuponya kadontho kuchokera pamwamba pa sitediyamu mpaka pamphuno pa munthu, pomwe chitochi cha alonda chija ukachiloza pamtunda womwewo kuwala kwake kumangothera m'njira?

Ambiri timangoti laser ndi kuwala kwamphamvu kwambiri basi. Sichoncho ayi. Ka laser kovomerezeka kolozera pa bolodi kamatulutsa mamiliwati 1 mpaka 5, ndipo miliwati ndi wati imodzi yogawidwa ka 1,000, pomwe babu lakale lija la mawati 60 limadya mphamvu yoposa pamenepo ka 12,000. Nkhani yagona pa dongosolo. Kuwala kwa babu kuli ngati anthu akubalalika pamsika madzulo, aliyense malaya ake, njira yake, mayendedwe ake. Kwa laser ndi asilikali pa perete: yunifolomu imodzi, onse aloza kumodzi, phazi likuponda pansi nthawi imodzi. Mtundu umodzi, njira imodzi, mafunde okwera ndi kutsika pamodzi. Chilichonse chomwe laser imachita, kaya kudula chitsulo kaya kunyamula WhatsApp yanu pansi pa nyanja, chikuchokera pamenepa, nde funso lenileni ndi loti kuwalako amakugubitsa bwanji.

Tiyambe ndi kuwala kwenikweniko. Kumayenda ngati mafunde pa liwiro la makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo chimene maso athu amati mtundu, kufiira kapena girini, ndi kutalika kwa funde limodzi basi. Amayeza mu ma nanomita: tengani milimita imodzi pa rula muigawe ka 1,000,000, kachidutswa kamodziko ndiye nanomita. Diso la munthu limaona kuyambira cha m'ma 400 komwe kuli pepo ndi buluu mpaka cha m'ma 700 komwe kuli kufiira. Kupitirira apo ndi infrared, ija imatuluka pa rimoti ya TV inu osaiona, kutsika pansi pa 400 ndi ultraviolet. Kuyera kwa dzuwa ndi chisakanizo cha mitundu yonseyi, utawaleza umangoilekanitsa. Chinanso, kuwala kumabwera m'timagawo ting'onoting'ono totchedwa ma fotoni, ndipo fotoni iliyonse ili ndi mphamvu yake malinga ndi mtundu: ya buluu imanyamula yambiri kuposa yofiira.

Fotoni imabadwira mu atomu, timbewu tosaoneka tija tomwe chinthu chilichonse chinapangidwa nato, tokhala ndi mtima pakati ndi tinthu totchedwa ma elekitironi mozungulira. Mu 1913 Niels Bohr wa ku Denmark anafotokoza kuti ma elekitironi a mu atomu sangakhale ndi mphamvu ina iliyonse yomwe afuna, pali masitepe, yapansi, yachiwiri, yachitatu, ndipo kuima pakati pa masitepe awiri kulibe. Kuti elekitironi ikwere imayenera kumeza mphamvu yofanana ndendende ndi mpata wa pakati pa masitepewo, ikamatsika imalavula mphamvu yomweyo ngati fotoni. Mipatayi ndi yosiyana pa mtundu uliwonse wa atomu, nchifukwa chake mchere ukagwera pa lawi la gasi lawilo limachita chikasu, imeneyo ndi sodium ikulavula fotoni zake za ma nanomita 589, sizingakhale zofiira olo mutachita bwanji. Tsono mu nyale wamba atomu iliyonse imatsika nthawi yomwe yafuna, kuponya fotoni kulikonse komwe yagwera, yina kudenga yina pansi, yina pano yina kanthawi kena. Chipwirikiti chija chimayambira apa.

Mu 1917 Albert Einstein akuwerengera mmene kuwala ndi ma atomu zimapatsirana mphamvu anapeza kuti masamu ake sakutheka pokhapokha patakhala njira ina yomwe palibe anali ataiona. Njira yake ndi iyi. Elekitironi ili kale pamwamba, ikudikira kutsika. Pakudutsa fotoni ya mphamvu yofanana ndendende ndi mpata uja. Fotoniyo siimezedwa, koma imaitekenya elekitironi ija kuti itsike pompo, ndipo fotoni yatsopano yotulukayo ndi mapasa ndi yoyamba ija: mtundu womwewo, njira yomweyo, funde lake likukwera ndi kutsika limodzi ndi la inzake. Yalowa imodzi zatuluka ziwiri. Ziwirizo zikapeza ma atomu ena okwera kale zikhala 4, kenako 8, 16, ndipo zikabwereza ka 30 kokha zapitirira kale 1 biliyoni, zonse zofanana. Laser yonse yagona pa chiganizo chimenechi, zina zonsezi ndi ukatswiri wofuna kuti zitheke.

Nanga bwanji panadutsa zaka 43 laser yoyamba isanayake? Vuto ndi loti fotoni yomweyo ikakumana ndi atomu yomwe elekitironi yake ili pansi imamezedwa, ndipo mwayi womezedwa ndi wofanana ndendende ndi mwayi wobala mapasa. Nde chimene chimalamula ndi chiwerengero: ambiri ali kuti, pamwamba kapena pansi? M'chilengedwe pafupifupi ma atomu onse amakhala pansi, nchifukwa chake kuwala kukamadutsa mu chinthu kumachepa, sikuchuluka. Kuti kuchuluke pamafunika kutembenuza zinthu, okwera achuluke kuposa apansi. Wina anganene kuti si nkhani, tingowalitsa nyale yamphamvu onse akwere. Koma ngati masitepe ali awiri okha sizitheka, chifukwa nyale yomwe ikukweza apansi ndi yomweyonso ikutsitsa apamwamba, mukalimbikira kwambiri mufika pa theka pansi theka pamwamba basi, pomwe kumeza ndi kubala zangofanana, phindu zero. Pamafunika sitepe yachitatu, ndipo tiiona bwino mu mwala wa ruby.

Oyamba kuchita zimenezi sanayambire pa kuwala kooneka. Charles Townes ndi anzake ku Columbia University ku New York anapanga chipangizo chotchedwa maser chomwe chinayaka mu 1954, chogwiritsa ntchito mpweya wa ammonia kutulutsa ma microwave, mafunde aatali osaoneka ndi maso. Ku Moscow, Nikolay Basov ndi Aleksandr Prokhorov anali pa ntchito yomweyo paokha, ndipo atatuwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1964. Mu 1958 Townes ndi mlamu wake Arthur Schawlow analemba mmene zingathekere ndi kuwala, pomwe wophunzira wina pa Columbia pomwepo, Gordon Gould, anali atalemba kale maganizo ofanana mu kope lake mu 1957, dzina loti laser linayambira mmenemo, ndipo anakhala akulimbana ndi ofesi ya ma patent, yolembetsa umwini wa zomwe munthu watulukira, ndi makhoti zaka pafupifupi 30 kuti adyepo. Makampani akuluakulu anathira ndalama mu mpikisanowu, koma anawapitirira ndi Theodore Maiman wa ku Hughes Research Laboratories ku Malibu, California, pa 16 May 1960, ndi kachipangizo kokwana m'dzanja.

Ruby ndi aluminium oxide, yomwe payokha ilibe mtundu, koma muli timadontho ta chromium tomwe timaipatsa kufiira. Ndi mwala womwe uja umakumbidwa pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, kungoti wa Maiman unali wopangidwa m'fakitale kuti ukhale wopanda zilema, wotuwirako ngati pinki, chromium yake pafupifupi 0.05 peresenti yokha. Anausema kukhala kandodo kakafupi, nkukalowetsa pakati pa nyale yopotana ya fulashi ya ojambula zithunzi. Fulashi ikati ng'ani, chromium imameza kuwala kwa girini ndi buluu, ma elekitironi nkudumphira pa sitepe yapamwamba kwambiri. Pamenepo sakhalitsa, nthawi yomweyo amatsetserekera pa sitepe yapakati, mphamvu yotsalayo imasanduka kutentha mu mwalamo. Tsono sitepe yapakatiyi ndiye chinsinsi: pamenepa amakakamira pafupifupi mamilisekondi 3. Kwa ife ndi kanthawi kosaoneka nkomwe, koma pa masitepe wamba elekitironi imangokhala ma nanosekondi ochepa, nde apa akukhala nthawi yotalika kuwirikiza masauzande mazanamazana. Fulashi ikupitiriza kukokolola apansi kuwaponya pamwamba, iwo akuunjikana pakati, ndipo fulashiyo singawatsitse chifukwa girini ndi buluu sizikugwirizana ndi mpata wawo. Posakhalitsa apakati aposa theka. Imodzi ikangotsika yokha mwangozi nkutulutsa fotoni yofiira ya ma nanomita 694, chigumula cha mapasa chayamba.

Koma apa tangopeza mtundu umodzi, njira imodzi sitinaipeze, chifukwa fotoni zoyambirira zimaloza paliponse. Ndiye pamabwera magalasi, aja oonera nkhope. Maiman anapukuta mbali ziwiri za kandodo kaja kukhala zosalala zoyang'anana ndendende nkuzipaka siliva, mbali imodzi anasiya pothawira kuwala pang'ono. Fotoni yoloza chammbali imatuluka mu mwala itangobala mapasa ochepa, yatayika. Koma yomwe mwamwayi yaloza molunjika kutalika kwa ndodoyo imagunda galasi, kubwerera, kugunda linalo, kubwereranso, ulendo uliwonse ikutsitsa ma atomu ena ndikuchulukana, mpaka gulu lake lalanda mphamvu pafupifupi yonse ya mu mwalamo. Palibe amene wasankha njira, kungoti oyenda njira zina onse athawa msanga. Magalasiwo amasefanso mtundu: funde lopulumuka ndi lomwe likabwerera likugwera ndendende pomwe linayambira, ena amadzifafaniza okha. Chimene inu mumaona chikutuluka ndi kagawo kodontha pa galasi limodzi lija, mu ma laser ena a gasi ndi 1 peresenti yokha pa kugunda kulikonse, mkatimo muli kuwala kochuluka kuposa kotulukako.

Pali malire akenso. Mukapopa mphamvu yochepa, kuwala kotayika kumaposa kobadwa, chipangizocho chimangoyaka mbuu ngati nyale wamba. Mukangodutsa malirewo zinthu zimasintha mwadzidzidzi, kadontho kakuthwa katulukira. Nchifukwa chake ka laser kamabatire akutha sikazilala pang'onopang'ono ngati tochi, kamangofooka kamodzinkamodzi.

Chosekesa nchoti magazini ya Physical Review Letters inakana lipoti la Maiman, analitulutsa ndi a Nature mu August 1960, ndipo iye Nobel sanaione mpaka kumwalira mu 2007, zomwe ine ndimaona kuti sizinali chilungamo. Masiku oyambirirawo anthu ankaseka kuti apeza yankho lopanda funso, ndipo mphamvu ya laser ena ankaiyeza powerenga malezala a Gillette omwe yaboola.

Maphikidwe ake ndi omwewo mpaka lero: chinthu chokhala ndi masitepe oyenera, njira yopopera mphamvu, magalasi awiri. Chimasintha ndi chapakaticho. Mu December 1960 Ali Javan, wobadwira ku Iran, ndi anzake ku Bell Labs anayatsa ya mpweya wa helium ndi neon, yopopedwa ndi magetsi, yoyaka mosalekeza osati mothwanima ngati ya ruby. Mu 1964 Kumar Patel wochokera ku India anapanga ya carbon dioxide komweko ku Bell Labs, yotulutsa infrared ya ma nanomita 10,600, ndiyo ija amadulira ndi kulembera pa matabwa ndi pulasitiki popanga zikwangwani ndi zikho. Koma yomwe inadzaza dziko ndi ya diode. Robert Hall wa ku General Electric anaiyatsa mu 1962 ndi kamwala ka gallium arsenide, ngakhale inkafuna kuzizidwa ndi nitrogen wamadzi wa madigiri 196 pansi pa zero, mpaka mu 1970 pomwe gulu la Zhores Alferov ku Leningrad ndi lina ku Bell Labs anapeza njira yoti iziyaka mosalekeza m'chipinda wamba. Mu diode magetsi amakankha ma elekitironi kuchokera mbali imodzi kukakumana ndi malo opanda kanthu ochokera mbali inayo, akagweramo fotoni yatuluka, ndipo magalasi ndi mbali za kamwala komweko zong'ambidwa mosalala. Konseko sikafika milimita imodzi. Kuwala kwake kumatuluka kotambasuka ndithu, amaika ka lenzi kutsogolo kokuwongola, ndipo lenziyo imatha kutero bwinobwino chifukwa choti mafunde onse ndi amodzi. Pa mamita 100 kadontho ka pointer wamba kamangokula kufika masentimita 10 kapena kuposerapo pang'ono.

Ya girini ija ili ndi nkhani yake, ndipo mkati mwa ambiri otchipawa muli fakitale yonse. Diode yake imatulutsa infrared ya ma nanomita 808, yosaoneka. Kuwalako kumapopa kamwala kokhala ndi neodymium, komwe kamasanduka laser yachiwiri ya ma nanomita 1,064, yosaonekanso. Kenako kumadutsa mu kamwala kachitatu kotchedwa KTP komwe kamalumikiza fotoni ziwiri kukhala imodzi ya mphamvu yowirikiza, funde lafupika ndi theka, 1,064 yasanduka 532, girini uja watulukira. Imaoneka yowala kwambiri kuposa yofiira ya mphamvu yofanana chifukwa diso la munthu limamva kwambiri cha m'ma 555. Pomaliza pamayenera kukhala kagalasi kotsekereza infrared yotsala, koma opanga zotchipa ena amakasiya kuti apulumutse ndalama, nde kadontho kakuoneka kofooka pomwe kuwala kosaoneka kukutuluka kwambiri, diso osaphethira chifukwa silikuona kanthu.

Apa nde tisaseke. Miliwati imodzi yothinana pa kamalo ka milimita imodzi mbali zonse ndi yofanana ndi dzuwa la masana likuswa mtengo, mawati pafupifupi 1,000 pa sikweya mita. Tsono diso lili ndi lenzi yake, ndipo kuwala koyenda njira imodzi limakusonkhanitsa pa kadontho kochepetsetsa kuseri kwa diso, pa retina, ukali wake kuwirikiza mpaka ka 100,000. Retina simva kuwawa, nde munthu amapsa osadziwa, amangozindikira kuti pakati pa chomwe akuyang'ana pali kachidima, ndipo malo opsawo nthawi zambiri sabwerera. Yang'anani kachizindikiro kachikasu pa chipangizocho. Class 2 ndi yosapitirira miliwati 1, kuphethira kwachibadwa komwe kumatenga kota ya sekondi kumakutetezani. Class 3R imafika 5, Class 3B imafika 500, Class 4 ndi yoposa apo, imeneyo imayatsa pepala ndipo olo kunyezimira kwake pa khoma kumavulaza. Vuto nloti zambiri zogulitsidwa pa intaneti zikayezedwa zimapezeka zamphamvu kuposa zomwe alemba, nde chidole cha mwana chisakhale laser, olo atalira bwanji. Ku UK kuloza laser pa ndege kapena galimoto nkuthobwa woyendetsa m'maso ndi mlandu wokhala nawo kundende mpaka zaka 5, lamulo lake ndi la 2018.

Ngati muli nako kovomerezeka yesani ichi usiku. Lozani pa khoma la laimu muyang'anitsitse kadonthoko, osati kochokera, muona kuti sikosalala, kali ndi timchenga towala ndi takuda tomwe timaoneka ngati tikuyenda mukasuntha mutu. Tochi singachite zimenezo. Khomalo lili ndi timabampu, mafunde obwerera kuchokera pa timabampu tosiyana amafika m'diso mwanu ena akugwirizana nkuwala kwambiri, ena akutsutsana nkuzimitsana, ndipo izi zimaoneka pokhapokha mafunde onse ananyamuka akuponda limodzi. Muonanso kuti mzere wa kuwalawo m'malere simukuuona, mukungoona pomwe wagunda, mpaka wina akunthe fumbi kapena adutse ndi utsi, paja fotoni zonse zikupita kutsogolo palibe yokhotera m'diso mwanu. Nchifukwa chake a disiko amagula makina a utsi.

Ntchito zake nzambiri zoti tikati tiwerenge kucha. Pa 26 June 1974 mu sitolo ina ya Marsh ku Troy, Ohio, anasikana katundu woyamba wa barcode, paketi ya chingamu cha Wrigley. Pulinta ya mu ofesi imajambula tsamba ndi laser pa chigubu chake inki ya ufa isanamatirire. Pa ma disiki mpomwe phindu la funde lalifupi limaonekera poyera, chifukwa funde likafupika kadontho kamachepanso: CD ya 1982 imawerengedwa ndi laser ya ma nanomita 780 ndipo imanyamula ma MB pafupifupi 700, DVD ndi 650 imanyamula ma GB 4.7, Blu-ray ndi 405 imafika ma GB 25, pa mbale ya saizi yomweyo.

Koma yaikulu kwa ife ndi faiba. Mu 1966 Charles Kao, akugwira ntchito ku England, anatsutsa zoti galasi silinganyamule kuwala mtunda wautali, anati vuto ndi zinyalala za mu galasimo osati galasilo, ndipo mu 1970 kampani ya Corning inapanga loyera mokwanira. Kao analandira Nobel mu 2009. Ulusi wa faiba ndi wonenepa ma micrometre 125 (micrometre ndi milimita yogawidwa ka 1,000), pang'ono kuposa tsitsi, koma kuwala kumayenda mu kamtima kapakati ka ma micrometre 9 okha, ndipo nyale wamba singalowetse kuwala kokwanira pa kabowo kotero, laser ndiye imatha. Amasankha cha m'ma nanomita 1,550 chifukwa pamenepo galasi limaba kuwala kochepetsetsa, mpaka makilomita pafupifupi 15 ndi pomwe theka latayika. Laser imasinthasintha kuwala kwake kambirimbiri pa sekondi, mabiliyoni, ndiye ma data anuwo. Ndipo poti iliyonse ili ndi mtundu umodzi wokhawokha, amatha kuthira ma laser makumimakumi a mitundu yoyandikana mu ulusi umodzi osasokonezana, kumapeto nkuwalekanitsanso. Pansi pa nyanja, pakadutsa makilomita makumi angapo, pamakhala kachidutswa ka faiba kothiridwa erbium, kopopedwa ndi diode kuti ma atomu ake akhale okwera kale, kuwala kotopa kukangolowa kumabala mapasa nkutuluka kwamphamvu, maganizo a Einstein omwe aja koma opanda magalasi. Malawi ndi Zambia zilibe doko la pa nyanja ya mchere, nde ma data athu amayenda pa faiba yapamtunda kukalowa mu zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010 zomwe zimafikira ku Dar es Salaam ndi Maputo. Ziwirizi zitaduka mu May 2024 intaneti inavuta kuyambira Kenya, Tanzania mpaka kwathu kuno, ambiri tinkangotukwana netiweki ya pafoni pomwe vuto linali pansi pa nyanja ya mchere.

Zodula chitsulo nazonso si mphamvu yoopsa ayi. Laser ya mawati 1,000 ikuchepera ketulo ya magetsi ya mawati 2,000, kungoti ketulo imamwaza kutentha mu madzi onse pomwe laser imakuunjika pa kadontho kosafika milimita, chitsulo nkusungunuka, mpweya wothamanga nkuuluza chosungunukacho. Kuchipatala cha maso amasankha mtundu malinga ndi chomwe akufuna chimeze kuwalako. Ya girini imadutsa bwinobwino kutsogolo kwa diso nkukamezedwa ku retina, nde amawotchera malo owonongeka ndi matenda a shuga kuti misempha yosayenera isamere. Wochotsedwa ng'ala akayambanso kuona mbuu pakapita nthawi, amamuboolera kachikopa kochita chifungako ndi laser ya YAG osang'amba paliponse. Ya ultraviolet ya ma nanomita 193 imasenga kutsogolo kwa diso kagawo kochepera micrometre imodzi pa kuthwanima kulikonse, ndiyo ya opaleshoni yosiyitsa munthu magalasi. Kuthwanima kwaufupi kwambiri koma kwaukali kunatheka chifukwa cha njira yomwe Donna Strickland ndi Gérard Mourou anapeza ku Rochester mu 1985: kutambasula kuthwanimako kaye kuti kusaswe makina, kukuwonjezera mphamvu, nkukufinyanso. Strickland analandira Nobel mu 2018, panthawiyo anali mayi wachitatu yekha kuilandira mu physics chiyambire.

Poyeza zinthu mpomwe ine imandizunguza mutu. A Apollo 11, anthu oyamba kuponda pa mwezi, anasiya bokosi la timagalasi pa mwezi mu July 1969, mpaka lero akatswiri amaliwomba ndi laser nkuwerenga nthawi yomwe kuwala kwatenga kupita ndi kubwera, masekondi pafupifupi 2.5. Pofika kumeneko mzere uja watambasuka makilomita angapo ndipo zobwerera ndi fotoni zowerengeka, komabe nzokwanira kudziwa kuti mwezi ukutitalikira masentimita 3.8 chaka chilichonse. Ku LIGO, malo a kafukufuku wa zakuthambo ku America, kuli mapaipi awiri a makilomita 4 okumana ngati L, kuwala kwa laser imodzi amakugawa pawiri, kupita ndi kubwerera, nkukuphatikizanso kuti kuzimitsane, nde paipi imodzi ikangotalika kapena kufupika pang'onong'ono kuzimitsanako kumasokonekera. Pa 14 September 2015 anaona kusuntha kochepa kwambiri kuposa kukula kwa proton imodzi, kanthu ka mu mtima wa atomu, ndipo kusunthako kunachokera ku ma black hole awiri, zinthu zakuthambo zokoka mwamphamvu moti olo kuwala sikutulukamo, omwe anawombana zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo.

Ndiye pali ija inamveka pa nkhani kuti magetsi aulere afika. Pa 5 December 2022 ku National Ignition Facility ku California, mizere 192 ya laser inawomba nthawi imodzi kachitini kokhala ndi kampira ka mamilimita pafupifupi 2 ka mitundu iwiri ya hydrogen, deuterium ndi tritium, kufinya kampirako mpaka mitima ya ma atomu inalumikizana monga zimachitikira mu dzuwa. Analowetsa ma megajoule 2.05 a kuwala, panatuluka 3.15, koyamba kuti zotuluka zipose kuwala kolowa, ndipo nzoona ndi chinthu chachikulu. Koma tiwerengere mu mayunitsi a mita ya pakhomo: yuniti imodzi ndi ma megajoule 3.6, nde zotulukazo sizinakwane olo yuniti imodzi, pomwe kuti ma laser aja ayake anakoka ma megajoule pafupifupi 300, mayunitsi oposa 80. Amadya chonchi chifukwa ndi galasi la neodymium lopopedwa ndi nyale za fulashi, njira ya Maiman yomwe ija, ndipo mphamvu yambiri imangosanduka kutentha moti akawomba amadikira maola kuti makina azizire. Ma laser opopedwa ndi diode amasamala magetsi kuposa pamenepo kutalitali ndipo ndi omwe ofufuza akuyang'anako tsopano, koma siteshoni yeniyeni ya magetsi ingafune kuwomba kampira katsopano mwina ka 10 pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku.